Mpeni wopinda wotsika mtengo woyenda nawo tsiku ndi tsiku: ndisankhe uti?

Wapaulendo:
Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya mpeni wopinda wa m'thumba. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, kumene tsiku lililonse ndimatsegula makatoni, kudula zingwe ndi matepi, ndipo nthawi yopuma ndimafunanso posendera chipatso. Mpeni umene ndili nawo panopa ulibe dzina la amene anaupanga. Chitsulo chake chayamba kugwedera, suchedwa kubuntha, ndipo loko yake, yoti izigwira chitsulo kuti chisapindike, nthawi zina imafwamphuka ndikakanikiza mwamphamvu. Ndalama zanga ndi zochepa, choncho sindikufuna wa mtengo wapatali, koma sindikufunanso kumangogula wina miyezi ingapo iliyonse. Kodi pa mipeni yotsika mtengo ndiyambe kuyang'ana chiyani: mtundu wa chitsulo, loko, kukula kwake, kapena dzina la kampani?

Kadzidzi:
A Wapaulendo, tisanafike pa wogula, mpeni wa loko yofwamphukawo muusiye lero lomwe. Loko imene mukuidalira koma ili yosadalirika ndi yoopsa kuposa mpeni wopanda loko, chifukwa zala zanu zimakhala panjira pomwe chitsulo chimadzera chikamapindika.

MmisiriWakale:
Ndayenda ndi mpeni m'thumba kwa zaka zambiri, ndipo yankho langa mwina silikondweretsa achinyamata. Chimene chimadula bwino katoni si dzina la chitsulo ayi, koma kupyapyala kwake. Mpeni wochindikala, ngakhale mutaunola mpaka kumeta nawo tsitsi, ukalowa m'katoni umapanikizika mbali zonse ziwiri ndipo mumayamba kuukankha ndi mphamvu ya phewa. Wopyapyala umangodutsa, ngakhale utayamba kubuntha pang'ono. Opanga mipeni yotsika mtengo ambiri amaichindikalitsa dala kuti izioneka yolimba m'maso mwa wogula, koma pa ntchito imene mwafotokozayi kuchindikalako ndi cholemetsa chabe.

Pa chifukwa chimenechi ine ndikutchulirani Opinel nambala 8. Joseph Opinel anayamba kupanga mipeni imeneyi m'chaka cha 1890 m'dera la Savoie ku France, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni mpaka lero. Chitsulo chake chodulira ndi chotalika masentimita 8.5, chogwirira chake ndi chamtengo, ndipo ndi wopepuka moti mumaiwala kuti uli m'thumba. Loko yake ndi kamphete kachitsulo kamene mumakazungulitsa ndi dzanja mukatsegula mpeni. Anakawonjezera m'chaka cha 1955. Mulibe sipuling'i yoti n'kuthyoka. Zigawo zake ndi zowerengeka, choncho zoti ziwonongeke ndi zochepanso.

Tsabola:
Bambo MmisiriWakale, ulemu wanu, koma pamenepa ndikutsutsani. Opinel imafuna manja awiri kuti muitsegule, kenako muzungulitse mphete, ndipo mukamaliza mubwezenso zonsezo. Munthu wa m'nyumba ya katundu nthawi zambiri dzanja limodzi limakhala litagwira katoni kapena chingwe. Iye akufunika mpeni wotsegula ndi chala chachikulu, wokhala ndi kachitsulo kokolowekera m'mphepete mwa thumba kuti asamachite kupapasa pansi pa makiyi. Kampani ya Spyderco ndiyo inatchukitsa zimenezi m'chaka cha 1981, pamene inatulutsa mpeni wokhala ndi bowo lozungulira lotsegulira pamodzi ndi kokolowekerako. Pa mipeni yawo yotsikirako mtengo pali Tenacious, ndipo palinso RAT ya kampani ina ya Ontario, imene ili ndi waukulu ndi waung'ono. Yonseyi ndi yotsegula ndi dzanja limodzi.

MmisiriWakale:
Mfundo ya dzanja limodzi ndaimva ndipo ndi yoona. Koma mipeni mwatchulayo ndi yokwera mtengo kuposa Opinel, ndi yolemera, komanso ndi yochindikala. Mwini funso ayeze yekha kuti pa tsiku amatsegula mpeni kangati dzanja lina lili lotanganidwa.

Nyenyezi:
Ine ndili ndi funso lofanana ndi la a Wapaulendo. Ndikamayang'ana mipeni pa intaneti ndimaona zilembo za mitundu ya chitsulo monga 8Cr13MoV, AUS-8, D2, 420HC ndi 14C28N, ndipo wogulitsa aliyense amati chake ndicho chabwino koposa. Kodi alipo angatimasulire zimenezi mwachidule?

Chitsulo_Chanjanji:
Ndiyesa, ngakhale mwachidule sizitheka kwenikweni. Pa chitsulo cha mpeni pali zinthu zinayi zimene zimakokana: kusunga kuthwa kwa nthawi yaitali, kusabenthuka, kusachita dzimbiri, ndi kunoleka mosavuta. Mukawonjezera chimodzi, china chimatsika. Kaboni ndi amene amalimbitsa chitsulo, pamene chromium ndi amene amachiteteza ku dzimbiri, ndipo kuti chitsulo chitchedwe chosachita dzimbiri chiyenera kukhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti.

Dzina la 8Cr13MoV limanena lokha zimene zili mkati: kaboni pafupifupi 0.8 peresenti, chromium pafupifupi 13 peresenti, ndi molybdenum ndi vanadium pang'ono. Ndi chitsulo cha ku China, ndipo chimafanana kwambiri ndi AUS-8 cha ku Japan. Zonse ziwirizi sizisunga kuthwa nthawi yaitali kwambiri, koma zimanoleka msanga pa mwala wamba. 420HC chili ndi kaboni wochepa kuposa pamenepo, sichichita dzimbiri wamba ndipo sichibenthuka msanga. Kampani ya Buck imachigwiritsa ntchito kwambiri. 14C28N ndi cha ku Sweden, anachiwonjezera nitrogen, ndipo kwa ine ndicho chabwino pa zitsulo zonse zopezeka pa mipeni yotsika mtengo, chifukwa chimathwa bwino, chimapirira chinyezi, ndipo sichivuta kunola. D2 ndi nkhani ina: kaboni wake ndi pafupifupi 1.5 peresenti ndipo chromium ndi pafupifupi 12 peresenti, koma chromium wambiri amamangika ndi kaboni uja, kotero wotsala woteteza ku dzimbiri amachepa. Chimasunga kuthwa nthawi yaitali pa makatoni, koma chimachita mawanga a dzimbiri ndi thukuta, ndipo chikabuntha chimakutopetsani pa mwala.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti chitsulo chimodzimodzicho chimatha kutuluka chabwino kapena chachabechabe malinga ndi mmene anachiotchera ndi kuchiziziritsira kufakitale. Kulimba kwake amakuyeza pa muyeso wa Rockwell, ndipo mipeni yabwino ya m'thumba yambiri imakhala pakati pa 56 ndi 60. Kampani yodziwika imasamala zimenezi chifukwa imaopa kuipitsa mbiri yake. Mpeni wopanda dzina ukhoza kulembedwa D2 pambali koma palibe amene angakutsimikizireni. Choncho pa funso la a Wapaulendo, ine ndingaike dzina la wopanga patsogolo pa zilembo za chitsulo.

Nyenyezi:
Zikomo kwambiri. Ndiye kuti munthu wosadziwa kunola bwino asathamangire D2?

Chitsulo_Chanjanji:
Inde. Pokhapokha ngati ali ndi chonolera cha diamondi komanso kuleza mtima.

Tsabola:
Apanso ndikuona mosiyana. Katoni imabunthitsa mpeni msanga kwambiri chifukwa imakhala ndi fumbi, guluu ndi tizinthu tina tokhakhala. Munthu wodula makatoni tsiku lonse ndi 8Cr13MoV azinola pafupipafupi, pamene wa D2 adzatha masiku ambiri asanagwire mwala. Sindikuona chifukwa choopsezera anthu ndi chitsulo chimene amisiri a m'mafakitale akhala akudulira nacho zitsulo zinzake kwa zaka zambiri.

Msodzi22:
A Tsabola, inu mukuganiza za munthu wokhala pouma. Ine ntchito yanga ndi ya m'madzi, ndipo ndaona mipeni ya anzanga ya chitsulo cha kaboni, chopanda chromium wokwanira, ikufiira ndi dzimbiri usiku umodzi wokha chifukwa choiwala kuipukuta. Ngakhale a Wapaulendo sali pamadzi, thumba la munthu wonyamula katundu limanyowa ndi thukuta, ndipo thukuta lili ndi mchere. Komanso anena kuti amasendera zipatso, zimene madzi ake owawasa amadetsa chitsulo cha kaboni nthawi yomweyo. Ngati asankha Opinel, atenge yolembedwa Inox, imene chitsulo chake sichichita dzimbiri wamba, osati yolembedwa Carbone. Adziwenso kuti chogwirira chamtengo chikamwa madzi chimafufuma ndipo mpeni umalimba potsegula mpaka chitauma.

MmisiriWakale:
Zakufufumazo ndi zoona, ndipo ndi chikhalidwe cha mtengo uliwonse. Mankhwala ake ndi kupaka mafuta pang'ono pamalo pamene chitsulo chimapindikira kuti madzi asalowe m'mtengomo. Ukalimba, mumagwira mpeni cha kumphete n'kugogoda nsonga ya chogwirira patebulo, ndipo chitsulo chimatuluka pang'ono moti n'kuchigwira ndi zala. Koma ndikuteteze chitsulo cha kaboni: mtundu wotuwa kapena wakuda umene chimasanduka si dzimbiri lowononga, ndipo umachitetezako ku dzimbiri lofiira lija. Chimathwanso msanga kwambiri pa mwala uliwonse umene mungaupeze.

Mayi_wa_Atatu:
Ndawerenga zonsezi ndipo ndikudabwa kuti palibe amene watchula Victorinox, mipeni yofiira ya ku Switzerland ija. Kampani yake anaiyambitsa Karl Elsener m'chaka cha 1884 ku Ibach, ndipo mpaka pano amaipangira komweko. Ine ndimayenda nawo m'chikwama, ndipo kunena zoona chimene ndimagwiritsa ntchito kwambiri si mpeni weniweniwo koma kasizasi kake, chotsegulira zitini, ndi chomangira masikuluwu. Chitsulo chake ndi chofewerako, cha m'ma 56 pa muyeso umene atchula a Chitsulo_Chanjanji, koma ndi chopyapyala, sichichita dzimbiri wamba, ndipo ngakhale ine amene si mmisiri ndimatha kuchinola.

Palinso china chimene abambo ambiri sachiganizira. Mukatulutsa mpeni waukulu wakuda, wotseguka ndi phokoso, pamaso pa anzanu a kuntchito kapena makasitomala, anthu amachita mantha ngakhale inu mukungofuna kudula tepi. Kampeni kakang'ono kofiira palibe amene amakaopa. Mitundu ina ili ndi timipeni tiwiri, kakakulu ndi kakang'ono, choncho kamodzi mungakasungire zipatso, kena kakhale ka makatoni.

Kadzidzi:
Mayi, mfundo ya timipeni tiwiriyo ndi yanzeru, ndipo ndimafuna ndiinene. Guluu wa tepi ndi fumbi la makatoni ochokera kutali si zinthu zoti zifike pa chakudya. Wogwiritsa mpeni umodzi pa zonse azitsuka ndi sopo asanasendere kanthu. Koma Victorinox wamba alibe loko, ndipo ine pamenepo mtima sukhazikika.

Mayi_wa_Atatu:
Alibe loko, koma ali ndi sipuling'i kumsana imene imagwira chitsulo chikatseguka. Mukamadula mokankhira mbali yakuthwa pa chinthu, mphamvuyo imatsegula mpeni, siiutseka. Umapindika pokhapokha mukamabaya ndi nsonga kapena kukanikiza msana wake. Makolo athu ndi amisiri a m'mayiko onse agwiritsa ntchito mipeni yotere kwa zaka mazanamazana zala zawo zili zonse.

Kadzidzi:
Sindikukana, koma katoni yochindikala imagwira mpeni, ndipo munthu akamaukoka chobwerera kuti autulutse ndi pamene umapindikira pa chala. Pa ntchito imeneyi loko ili ndi malo ake.

Chitsulo_Chanjanji:
Popeza tafika pa maloko, ndifotokozeko mitundu imene mudzaipeze. Yakale ndi ya kumsana, imene Buck 110 inaitchukitsa kuyambira m'chaka cha 1964: kachitsulo kakumsana kamagwera m'kamphako ka chitsulo chodulira, ndipo mumakanikiza kumbuyo kwa chogwirira kuti kamasuke. Ndi yolimba, ngakhale Buck 110 yeniyeniyo imalemera magalamu oposa 200 ndipo imayenera kachikwama ka palamba osati thumba. Yofala pa mipeni yotsika mtengo masiku ano ndi liner lock, imene Michael Walker anaikonza m'chaka cha 1980: kachitsulo kopyapyala ka m'kati mwa chogwirira kamadumphira kuseri kwa chitsulo chodulira. Ubwino wake ndi wakuti mumatseka ndi dzanja limodzi, kuipa kwake ndi kwakuti chala chanu chimakhala panjira ya mpeni potseka. Yachitatu ndi ya kamtanda kotsetsereka kamene mumakakoka ndi zala ziwiri m'mbali, imene kampani ya Benchmade inaitchukitsa ndi dzina la Axis, ndipo tsopano makampani ambiri akuipanga pa mtengo wotsika. Imeneyi zala sizidutsa pansi pa chitsulo.

Mukaugwira mpeni musanagule, yesani izi. Utseguleni, gwirani chitsulo kumsana, ndipo muchigwedeze mbali ndi mbali komanso mmwamba ndi pansi. Kugwedera kwa m'mbali nthawi zambiri kumatha mukamanga sikuluwu ya pakati, koma kwa mmwamba ndi pansi kumasonyeza kuti loko sinakhale bwino, ndipo mpeni wotero muusiye. Pa liner lock yang'anani pamene kachitsulo kaja kagwira: kakangogwira m'mphepete penipeni kakhoza kuterereka, kakafika mbali inayo ndiye kuti kalibenso malo oti kadyekere m'tsogolo. Pomaliza utsekeni ndi kuona kuti nsonga yabisika yonse m'chogwirira ndipo mpeni sutseguka wokha mukaugwedeza.

Kalembera:
Pepani polowerera, koma musaiwale malamulo, chifukwa amasiyana dziko ndi dziko ndipo mpeni wabwino m'dziko lina ndi mlandu m'dziko lina. Mwachitsanzo ku England ndi Wales, lamulo la m'chaka cha 1988 limalola kuyenda pagulu popanda kupereka chifukwa ndi mpeni wopinda wopanda loko umene mbali yake yodulira siipitirira mainchesi atatu, omwe ndi masentimita 7.62. Wokhala ndi loko, ngakhale waung'ono, umafuna chifukwa chomveka monga ntchito. Ku Germany, kuyambira m'chaka cha 2008, kuyenda pagulu ndi mpeni umene uli wotsegula ndi dzanja limodzi komanso wa loko ndi koletsedwa pokhapokha pali chifukwa chovomerezeka. Aliyense afunse malamulo a kumene akukhala, afunsenso abwana ake, popeza malo ena a ntchito amaloleza zodulira zawozawo zokha. Pokwera ndege mpeni uzikhala m'chikwama chachikulu chopita pansi, osati cha m'manja.

Tsabola:
Zimenezo ndi zofunika. Komabe munthu amene ali pantchito yotsegula makatoni ali nacho chifukwa chake.

Kalembera:
Ali nacho ali pantchito. Funso linali la mpeni woyenda nawo tsiku ndi tsiku, kutanthauza kuti udzakhalanso m'thumba madzulo ndi masiku opuma, pamene chifukwa cha ntchitocho sichingamuthandize.

Mlonda_wa_Usiku:
Nanga Okapi bwanji? Mipeni imeneyi inayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1988 ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa. Ndi yotsika mtengo, yopepuka, ndipo ina ili ndi loko yokoka ndi kamphete kumsana.

MmisiriWakale:
Okapi ndi mpeni wa ntchito ndithu, ndipo m'munda kapena pobusa ziweto umakwana. Chitsulo cha yambiri ndi cha kaboni ndipo ndi chofewerako, choncho wogula akhale wokonzeka kuunola yekha kuyambira tsiku loyamba. Yaikuluyo ndi yaitali kwambiri pa thumba la buluku, ndipo imatsekedwa ndi manja awiri mosamala. Kwa a Wapaulendo ndingaiike pambuyo pa ina imene yatchulidwa kale.

Ndipo popeza tonse tikubwerera pa kunola, ndinene poyera kuti pa ndalama zochepazo mupatuleko zina zogulira mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala. Mpeni uliwonse umabuntha, wodula ndi wotchipa womwe. Gonekani chitsulo pa mwala, kwezani msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 15 mpaka 20, ndipo dzanja lisasinthesinthe kapendekedwe kameneko. Nolani mbali imodzi mpaka chala chikamva kamphepete kokhakhala katapindikira mbali inayo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Musanakamve, simunafike pakuthwa penipeni. Kenako tembenuzani, chitani chimodzimodzi, pitani ku mbali yosalala ya mwala, ndipo mumalizire pokoka mpeni chobwerera pa lamba wachikopa kuti kamphepete kaja kachoke. Poyamba dani mbali yakuthwayo ndi cholembera cha inki yakuda, kuti muone pamene mwala ukudya. Pewani mipeni ya mano ngati sowo pokhapokha ngati ntchito yanu yaikulu ndi zingwe zonenepa, chifukwa manowo sanoleka pa mwala wafulati.

Nyenyezi:
Pali vuto linanso la mipeni yachinyengo. Ndaona pa intaneti mipeni yokhala ndi mayina a makampani atchulidwa pano koma pa mtengo wotsika modabwitsa. Tingaizindikire bwanji?

Kadzidzi:
Mtengo wodabwitsawo ndi chizindikiro choyamba. Fananitsani zithunzi ndi zimene zili pa tsamba la kampani yeniyeni, makamaka zilembo za pachitsulo, dziko limene yalembedwa kuti inapangidwa, ndi maonekedwe a masikuluwu. Gulani kwa wogulitsa amene amalola kubweza katundu. Ndi bwino kugula mpeni weniweni wa kampani yaing'ono yotchula dzina lake kusiyana ndi wachinyengo wovala dzina lalikulu, chifukwa wopanga wachinyengo amasamala maonekedwe akunja okha, osati loko kapena kaotchedwe ka chitsulo.

Wapaulendo:
Ndathokoza kwambiri nonse. Ndaganizira funso la bambo MmisiriWakale, ndipo ndi zoona kuti nthawi zambiri dzanja langa lina limakhala litagwira katundu. Koma mawu a Mayi_wa_Atatu ndi a Kalembera andigwiranso mtima. Panopa maganizo anga ali pa mpeni waung'ono wotsegula ndi dzanja limodzi, wosapitirira masentimita 7.5, wa chitsulo chosavuta kunola, pamodzi ndi mwala. Ndiyamba ndafunsa za malamulo.

Msodzi22:
A Wapaulendo, pali njira ina imene sitinaitchule. Makatoni asiyireni chodulira cha malezala osinthasintha, chonga cha Stanley, chimene ndi chotsika mtengo, chopyapyala kwambiri, ndipo lezala likabuntha mumangoikamo lina. Chimenecho chizikhala kuntchito. M'thumba muzikhala kampeni kakang'ono koyera ka zipatso, zingwe ndi zina zonse. Mukatero simudzafuna chitsulo chapamwamba, ndipo mwala mudzaugwira mwa apo ndi apo.

Tsabola:
Nzeru imeneyo sindingaitsutse, ngakhale ine ndimakonda chida chimodzi chogwira zonse. Malezala otha aja azitayidwa m'kachitini kotseka, osati m'bini momwe wina angapisemo dzanja.

Wapaulendo:
Ndiiganizira imeneyo, chifukwa ikhoza kupulumutsa ndalama. Funso lomaliza: ndikagula wa masikuluwu, ndiusamale bwanji kuti usayambe kugwedera?

Chitsulo_Chanjanji:
Mipeni yambiri ya masiku ano ili ndi masikuluwu a mutu wa nyenyezi otchedwa Torx, kawirikawiri T6 pa chogwirira ndi kokolowekera, ndi T8 kapena T10 pakati pomwe mpeni umapindikira. Gulani zomangira zoyenerana nawo ndendende, chifukwa chomangira chosakwana chimadya mutu wa sikuluwu ndipo siimasukanso. Sikuluwu yapakatiyo muimange pang'onopang'ono mpaka kugwedera kwa m'mbali kutatha koma mpeni ukutsegukabe mosavuta, ndipo ikamamasuka yokha dontheziranipo kadontho ka mankhwala a buluu ogwira masikuluwu, osati ofiira amene amagwiriratu. Sabata iliyonse chotsani ulusi wa m'thumba umene umadzaza m'kati mwa chogwirira ndi pamalo a loko, pukutani guluu wa tepi ndi kansalu ka spirit, kenako ikani dontho limodzi la mafuta pakati, ndipo ngati mpeniwo umakhudza chakudya, akhale mafuta oyera a mineral ovomerezeka pa ziwiya zodyera. Musaugwiritse ntchito ngati chotukulira zivundikiro kapena chomangira masikuluwu, popeza nsonga zambiri zimathyokera pa ntchito ziwiri zimenezi.